Mukafuna kuti ena amange mapulogalamu pa pulatifomu yanu

Ntchito yanga ndi yolumikiza mapulogalamu a makasitomala anga ndi mapulatifomu a eni ake: olipirira ndalama pafoni, otumizira ma SMS, a USSD. Ndiye kuti ndine munthu amene inu eni pulatifomu mukufuna kumukopa, ndipo ndikuuzani zimene zimandichititsa kukhala kapena kuthawa.

Choyamba, mundilole ndiyese chinthu chanu lero lomwe, ndisanaonane ndi aliyense wa ku ofesi kwanu. Kampani ina kuno kwathu inandiuza kuti ndilembe kalata papepala la chizindikiro cha kampani, ndiphatikize satifiketi ya bizinesi, kenako ndidikire tsiku la msonkhano. Zonsezo kuti ndingoona malangizo a API yawo, khomo limene pulogalamu yanga imadzera polankhulana ndi pulatifomu yawo. Atabwera malangizowo, anali PDF yakale, zitsanzo zake zosagwirizana ndi zimene seva inkayankha, ndipo munthu yekhayo wodziwa zoona zake anali pa tchuthi. Kasitomala wanga sanadikire, tinapita kwina.

Onani mmene Safaricom inachitira ku Kenya. Kale, kulumikiza pulogalamu ndi M-Pesa, njira yawo yotumizira ndalama pafoni, kunkafuna VPN (njira yapadera yotetezedwa yolumikizira makompyuta) ndi mapepala ambirimbiri. Mu 2017 anatsegula Daraja, webusaiti ya omanga mapulogalamu: umalembetsa pa intaneti, umalandira makiyi, n'kuyamba kuyesa pa sandbox, malo oyeserera, ndi nambala yoyeserera ya 174379. Usiku womwewo foni imatha kukufunsa PIN chifukwa cha khodi imene walemba wekha. Mapepala amadzafunika pamene ukufuna kugwira ndalama zenizeni, ndipo pamenepo palibe amene angadandaule. Stripe, kampani yolandirira malipiro pa intaneti yomwe inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2011, inakula ndi nzeru yomweyi. Divelopa (womanga mapulogalamu) aliyense amene anaigwiritsapo ntchito amaloweza khadi yoyeserera ya 4242 4242 4242 4242.

Koma pa sandbox pali chinthu chimene ambiri amachiphonya. Amamanga sandbox imene zonse zimayenda bwino nthawi zonse, pomwe ntchito yathu yambiri ili pa zinthu zikalakwika. Netiweki yadula pakati, kasitomala wayang'ana foni osalemba PIN, ndalama zaperewera, uthenga wotsimikizira malipiro wabwera kawiri kapena wabwera mawa lake. Stripe ili ndi makhadi ena oyeserera amene amakanidwa dala, kuti munthu aone mmene pulogalamu yake ichitire. Inunso tipatseni nambala imene nthawi zonse imati ndalama zaperewera, ina imene imachedwa kuyankha, ina imene imatumiza uthenga kawiri. Komanso mutilole tiike chizindikiro chapadera pa pempho lililonse, kuti tikalitumizanso netiweki itavuta, mayi wogula feteleza asadulidwe ndalama kawiri. Akadulidwa kawiri saimbira inu, amaimbira ine.

Mauthenga a zolakwika alembeni ngati mukulankhula ndi munthu wotopa amene maso akuwawa chifukwa cha kompyuta. Uthenga wongoti pempho lalephereka suthandiza aliyense. Nenani kuti nambala ya foni iyambe ndi 265 osati 0, kapena kuti kiyi yatha nthawi. Malangizo akhale pa webusaiti yosafuna kulowa ndi pasiwedi, ndipo zitsanzo zikhale zoti munthu akakopera zigwire ntchito pomwepo, mu PHP, JavaScript ndi Python, osati chilankhulo chimodzi chokha chimene injiniya wanu amachikonda.

Njira yodalirika yodziwira ngati API yanu ili bwino ndi yoti inu eni muzidya zomwezo mukutipatsa. DHIS2, yopangidwa ku yunivesite ya Oslo ndipo Unduna wa Zaumoyo kuno umaigwiritsa ntchito posonkhanitsa ziwerengero za zipatala, ndi chitsanzo chabwino: mapulogalamu ake enieni amadutsa pa API yomwe anthu akunja amagwiritsa ntchito. API yotere singavunde eni ake osamva fungo. Koma mukakhala ndi khomo lakuseri la inu nokha, khomo lathu lidzakhala lothyoka miyezi yambiri popanda wozindikira.

Tsopano nkhani yaikulu, imene imachititsa kuti madivelopa akale azikayika chilichonse chatsopano. Munthu akamanga pa pulatifomu yanu, waika chakudya cha ana ake m'manja mwanu, ndipo amakumbukira zimene zinaonekera anzake. Mu 2012 Twitter inaika malire akuti pulogalamu ya munthu wakunja isapitirire ogwiritsa ntchito 100,000 popanda chilolezo chawo. Mu Januwale 2023 inatseka mapulogalamu a anthu akunja ogwiritsira ntchito Twitter monga Tweetbot ndi Twitterrific popanda chenjezo, eni ake anangodzuka n'kupeza makasitomala akudandaula. Chaka chomwecho Reddit, webusaiti ya zokambirana, inayamba kulipiritsa API yake, ndipo Christian Selig, amene anapanga Apollo, pulogalamu yowerengera Reddit pafoni, anawerengetsa kuti azilipira madola pafupifupi 20 miliyoni pachaka. Apollo inatsekedwa pa 30 Juni 2023. Sindikunena kuti kulipiritsa n'kulakwa, seva sizidya mpweya. Vuto linali kusintha malamulo mwadzidzidzi anthu atamanga kale.

Choncho lembani lonjezo lanu poyera, ndipo mulisunge. Nenani kuti mukafuna kusintha chinthu chimene chingathyole khodi ya ena, mupereka chenjezo la miyezi ingati, ndipo mtundu wakale ukhala ukugwira ntchito mpaka liti. Stripe imatchula mitundu ya API yake ndi madeti, ndipo akaunti imakhala pa mtundu umene inayambira mpaka mwini wake atasankha yekha kusamuka. Zimenezi n'zotopetsa kwa mainjiniya anu, ndikudziwa, chifukwa ayenera kusamala khodi yakale imene akanakonda kuitaya. Nenaninso msanga zimene mudzamanga nokha ndi zimene mwasiyira ena. Palibe chopweteka ngati kuona chinthu chimene unavutikira chaka chonse chitatuluka mwaulere kuchokera kwa mwini pulatifomu.

Za ndalama sinditalikitsa. Pulatifomu ili ngati msika: wogulitsa tomato amalipira chiphaso mosanyinyirika ngati pakubwera ogula, koma msika wopanda anthu ngakhale mutaumangira mashedi okongola sakhalamo. Apple itatsegula App Store mu Julayi 2008 ndi mapulogalamu pafupifupi 500, inkatenga 30 pa 100 iliyonse, ndipo madivelopa anakhamukirabe chifukwa eni iPhone ankagula. Microsoft inafika polipira madivelopa kuti amange za Windows Phone, koma ogula anali ochepa, ndipo Windows Phone inatheratu. Ngati mulibe ogula, yambani mwamanga nokha chinthu chimodzi chimene chiwabweretse. Mitengo yanu ilembedwe poyera, mu kwacha ngati mukugwira ntchito kuno, ndipo tsiku lolandirira ndalama zathu likhale lodziwika.

Mipikisano yomanga mapulogalamu ya masiku awiri ija, yogawa malaya ndi zakumwa, ine sindiiwerengera kwenikweni. Zithunzi zimatuluka zokongola, koma Lolemba likafika mapulogalamu ake amakhala atasiyidwa. Ndalama imeneyo lipirani munthu mmodzi woyankha mafunso tsiku lomwelo, ndipo mayankho azikhala pamalo oti wina akawasaka pa Google awapeze. Gulu la WhatsApp limathandiza pa zachangu, koma yankho labwino limakwiririka pansi pa mauthenga a moni, ndipo funso lomwelo limafunsidwanso mlungu wamawa.

Musanalengeze chilichonse, itanani wophunzira wa zamakompyuta wa ku MUBAS kapena ku Chanco amene sanaonepo pulatifomu yanu. Mupatseni laputopu, bandulo ya intaneti ndi adilesi ya webusaiti basi, mumuuze atumize malipiro amodzi oyeserera. Inu khalani pambali ndi kope, osamuthandiza ngakhale pakamwa pakuyabwa, muzilemba paliponse pamene waima n'kukanda mutu. Mukakonza malo amenewo, itanani wina.