Laputopu ikamatentha ngati mbaula kuno ku Joni

Amene muli ndi ma laputopu amphamvu aja a magemu kapena okonzera mavidiyo a maukwati, kaya Lenovo Legion, ASUS TUF, Acer Nitro, fani ikayamba kulira musathamangire kunena kuti anakugulitsani chakufa. Joni ili pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700, mpweya wake ndi wopepuka ndiye fani imazungulira ndithu koma siichotsa kutentha mmene ingachitire ku Durban. Kuphatikiza fumbi la nthawi yozizira, makamaka mphepo ya mu Ogasiti yonyamula fumbi la milu ya migodi ija, basi makina atsamwa.

Yezani kaye. Ikani HWMonitor, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa makina, ndi yaulere, tsegulani gemu muone manambala. Purosesa, ubongo wa kompyuta, ikamakhala cha m'ma 80 digiri ili pa ntchito yolemetsa palibe chodandaula, koma ikakakamira pa 95 kukafika 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, nchifukwa chake gemu imayamba kudukizadukiza.

Ndiye nkhani ya pabedi abale anga. Ambirife tikukhala kachipinda kamodzi ku Rosettenville kapena Mayfair, tebulo mulibe, laputopu ili pa bulangeti tsiku lonse pomwe mabowo okokera mpweya ali pansi pake. Pezani kathabwa muikepo laputopuyo, kumbuyo kwake muike zitsekerero ziwiri za mabotolo kuti inyamuke pang'ono. Cooling pad, ija ya mafani yoika pansi pa laputopu, imathandiza koma osati mmene amaichemerera ogulitsa.

Ntchito yeniyeni ndi kuchotsa fumbi. Zimitsani, zulani chaja, masulani chivundikiro chapansi ndipo musanakhudze china chilichonse chotsani kachingwe ka batire. Fumbi limaundana pakati pa fani ndi tizitsulo totulukira mpweya, kunja simungalione, chotsani ndi kaburashi kofewa kenako muuzire mpweya wa m'chitini, koma fani muigwire ndi chala isazungulire chifukwa ikathamanga mopyola imaonongeka. Ngati waranti ikadalipo funsani kaye komwe munagula musanamasule.

Makina akadutsa zaka ziwiri zitatu thermal paste, phala lija lopaka pakati pa purosesa ndi chitsulo chochotsa kutentha, imakhala yauma. Pukutani yakaleyo ndi isopropyl alcohol, pakani yatsopano pang'ono chabe, Arctic MX-4 imakwana. Koma chenjerani, ma ASUS ROG ambiri ali ndi liquid metal, chitsulo chamadzimadzi, m'malo mwa paste, imeneyo imadutsitsa magetsi, ikangodonthera pa bodi mwalira. Isiyireni katswiri.

Kwa oopa sikuludiraiva, lowani mu Power Options pa Windows, pa maximum processor state lembani 99 m'malo mwa 100. Pa makina ambiri zimenezi zimazimitsa turbo boost, ija yoonjezera liwiro la purosesa, ndiye liwiro limatsika pang'ono koma kutentha kumagwa zooneka. Mu gemu tsekerani FPS, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, pa 60.

Mukaona touchpad ikutukumuka kapena chapansi chayasama, imeneyo si fani ayi, batire yatupa. Siyani kuchaja, musaiboole, kasinthitseni msanga.