Sungani black seed pamthunzi kuti mphamvu yake isathe

Mwezi wa Okutobala ndinadutsa pa msika wina muno mu Blantyre, ndipo ndinapeza mabotolo a mafuta a black seed atawandanda pa thebulo, dzuwa likuswa mtengo. Mabotolo ake anali oonekera mkati, ena osatseka bwino. Mtima unandiwawa. Mayi wogulitsayo analowetsapo mpamba wake, koma chimene ogula amafuna m'mafutamo chinali kutha iye ali pompo.

Njere za black seed ndi zakuda, zazing'ono ngati chitowe, za makona atatu. Amwenye amati kalonji, Aluya amati habbatus sauda, ndipo akatswiri a zomera amati Nigella sativa. Zimalimidwa kwambiri ku India, Egypt, Turkey ndi Ethiopia.

Mvetsani bwino apa, amayi ndi abambo: m'njeremu muli mafuta a mitundu iwiri. Oyamba ndi ofinya, monga timachitira ndi mtedza kapena mpendadzuwa, ndipo m'magalamu 100 a njere mumakhala magalamu 30 mpaka 40. Achiwiri ndi aja onunkhira, amene amatuluka ndi nthunzi pochita kutcheza, mmene amatchezera kachasu. Awa ndi ochepa zedi, sakwana magalamu atatu pa 100 aliwonse, koma ndiwo ali ndi thymoquinone wambiri, chinthu chimene chinatchukitsa black seed. Pang'ono pa mafuta onunkhirawa pamatsalira m'mafuta ofinya aja, n'chifukwa chake amawawa ndi kuyabwa kukhosi.

Thymoquinone ali m'gulu la ma antioxidant. Dulani peyala mulisiye pa mbale, posachedwa lida. Nsinjiro zikakhalitsa zimanunkha ndi kuwawa. Khasu likagona panja limachita dzimbiri. Zonsezi ndi ntchito ya mpweya wa okosijeni, ndipo zofanana nazo zimachitikanso m'maselo a thupi lathu. Ma antioxidant amachepetsa kuonongeka kotereku. Vuto n'lakuti thymoquinone sapirira kuwala. Dzuwa limamuphwanya, kutentha kumauluza mafuta onunkhira aja, ndipo botolo likamatsegulidwa pafupipafupi mafuta otsalawo amayamba kuwola fungo.

Ine ndimalangiza mabanja kuti azigula njere zosasinja m'malo mwa ufa, chifukwa khungu la njere ndi nkhokwe yake. Muziike m'botolo louma la galasi lotseka zolimba, kutali ndi mbaula ndi zenera. Sinjani zongokwana masiku ochepa m'kamtondo ka tsabola, muziwaza pang'ono m'phala, m'ndiwo kapena pa buledi. Ngati mukukazinga, moto ukhale wochepa, fungo likangomveka phulani.

Inu amalonda, thirani mafuta m'mabotolo aang'ono a galasi lakuda kapena labulauni, mudzaze mpaka pakhosi kuti mpweya usapeze malo. Pa thebulo ikani botolo limodzi lachionetsero, enawo akhale m'katoni pansi. Lembanipo tsiku lofinya. Amene mukufuna kulowetsa katundu wanu m'masitolo akuluakulu, pitani ku Malawi Bureau of Standards, likulu lawo lili mommuno mu Blantyre, akakuyezereni.

Pali china chimene sindingachisiye. Black seed ndi chokometsera chakudya chabwino, koma salowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Amene mukumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, musasiye ngakhale tsiku limodzi. Uzani adokotala musanayambe kumwa mafutawa, poti amatha kutsitsa shuga ndi BP, ndiye akaphatikizana ndi mankhwala anu akhoza kutsitsa mopitirira. Amayi oyembekezera asamwe mafutawa. Mafuta otcheza aja ndi aukali: musamwe, musapatse ana, ndipo pakhungu muyambe mwawasakaniza ndi mafuta ena, muyese kaye pamalo pang'ono pa mkono.