Kupeza thandizo la fizi ndi zofunika zina pa koleji ya zaumisiri: njira zoti wophunzira wa ku Mangochi atsate

Kalata yokuitanani ku koleji ikafika, musathamangire kukapempha thandizo. Yambani mwakhala pansi ndi cholembera kuti mudziwe ndalama yeniyeni imene ikusowa. Amene amapereka thandizo amamvetsera msanga munthu wonena kuti "ndikupereweredwa zakutizakuti pa teremu" kusiyana ndi wongoti "ndine wovutika, ndithandizeni".

Pitani ku ofesi ya zachuma ya kolejiyo mukatenge pepala la fizi la chaka chimenecho, lokhala ndi chidindo. Pansi pa fizi lembani ndalama ya mayeso, lendi ngati kolejiyo ilibe malo ogona, chakudya cha mwezi uliwonse ndi thiransipoti. Wochokera ku Makanjira kapena ku Katuli awerengere ulendo wopita ndi wobwera pa teremu iliyonse, ndipo akumbukire kuti nthawi ya mvula mtengo wa galimoto ndi njinga zamoto umakwera. Kenako zida. Wa ukalipentala ndi wa zomangamanga amafunika ovolosi, nsapato zolimba, tepi yoyezera, sikweya ndi levulo. Wowotcherera zitsulo amafunika magalasi oteteza maso ndi magolovesi. Wosoka amagula yekha nsalu zophunzirira, ulusi ndi sizasi. Chomwe chimaiwalika kawirikawiri ndi miyezi ya atachimenti, yokaphunzira ntchito pakampani: mwina adzakutumizani ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Liwonde, komwe mudzafunika nyumba ina ndi chakudya, pomwe si kampani iliyonse imene imapereka kangachepe.

Mukaphatikiza, chotsani zimene banja lingathe ndi zimene mungapeze pa ganyu. Tingoyerekeza: zonse zakwana K300,000 pa teremu, kunyumba angathe K90,000, ganyu ingabweretse K60,000. Chopempha chanu ndi K150,000, ndipo mukhoza kuchigawa pawiri kapena patatu, wina alipire fizi, wina agule zida. Si kawirikawiri pomwe khomo limodzi limasenza zonse.

Thandizo lili mitundu itatu

Basale imaperekedwa poona umphawi wa pakhomo ndipo sibwezedwa. Sikolashipu imayang'ana kwambiri kukhoza bwino, nthawi zina pamodzi ndi umphawi, ndipo imatha kulandidwa mukalephera mayeso. Ngongole imabwezedwa. Musanasaine pepala lililonse funsani kuti ndi uti mwa mitundu itatuyi, chifukwa m'kamwa mwa anthu zonse zimangotchedwa thandizo.

Pa intaneti mudzakumananso ndi maina ngati Pell Grant, FAFSA ndi Federal Work-Study. Izi ndi za boma la America, zothandizira nzika za dzikolo ndi ena ochepa ololedwa kumeneko. Wophunzira wa koleji ya ku Malawi sizimukhudza, ndipo wokuuzani pa WhatsApp kuti akulemberani fomu yake mukamutumizira ndalama akufuna kukuberani.

Makomo oti mugogode

Khomo loyamba ndi TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Ndalama zake zambiri zimachokera ku msonkho wa 1 peresenti umene olemba anthu ntchito amapereka pa malipiro a antchito awo. Wophunzira wosankhidwa kudzera mu chilengezo cha TEVETA choitana ofuna malo m'makoleji, chimene chimatuluka chaka ndi chaka, amalipira zochepa poyerekeza ndi wolowa payekha, chifukwa mbali ina ya mtengo wa maphunziro ake yalipiridwa kale. Choncho thandizo lalikulu kwambiri limene mungadzipezere ndi kusaphonya chilengezocho. Chimakhudza makoleji akuluakulu monga Nasawa ku Zomba, Soche ku Blantyre ndi Salima, komanso makoleji a m'madera amene boma lidayamba kutsegula mu 2015. Atsikana asaope kusankha zamagetsi, zamipope kapena kuwotcherera, chifukwa ntchito zimenezi ndi zomwe amalimbikitsidwa kwambiri kulowamo. Mukangofika pakoleji, funsani mkulu wa koleji ngati chaka chimenecho pali basale ya ovutika ndipo lembetsani dzina sabata yoyamba. Mabungwe akafuna ophunzira oti awathandize amafunsa mndandanda ku ofesi imeneyo, ndipo amene sadadzionetse sakhalapo.

Khomo lachiwiri ndi khonsolo. Ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma ndiko amatsimikizira umphawi wa banja, ndipo mbali ina ya thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, imapita ku basale. Ndalama zimenezi zimapita kwambiri kwa ana a sekondale, koma pempho la wa koleji lokonzedwa bwino silitayidwa popanda kuliona. Njira yake imayambira kumudzi: kwa nyakwawa, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ku ya m'dera la mfumu yaikulu (ADC), kenako kwa khansala ndi kukhonsolo. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pempho lifike maina asanatsekedwe, osati teremu itayamba kale.

Mabungwe ndi zipembedzo ndi khomo lachitatu, ndipo kuno n'lofunika ndithu. Islamic Zakaat Fund imathandiza ophunzira achisilamu ovutika, ndipo shehe wa pamzikiti wanu ndi amene angakulembereni umboni. Akhristu ayambire kwa abusa kapena kwa bambo mfumu wa parishi. Mtsikana amene adathandizidwa ndi CAMFED ku sekondale asadule ubale ndi gulu la CAMA la m'dera lake, la atsikana amene adathandizidwa ndi bungweli, chifukwa nkhani za mwayi wopitiriza maphunziro zimamveka kumeneko. Achibale a ku Joni nawonso ndi khomo, koma apatseni nambala ya akaunti ya koleji ndi pepala la fizi kuti ndalama isadutse m'manja ambiri.

Bungwe la HESLGB, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limapereka ngongole kwa ophunzira ovutika a m'sukulu zaukachenjede zovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira sukulu zimenezi. Werengani chilengezo cha chaka chimenecho kuti muone ngati sukulu yanu ndi maphunziro anu zili pa mndandanda musanawononge ndalama pa fomu. Ngongoleyi imabwezedwa mukamaliza, ndipo mukalembedwa ntchito imadulidwa kumalipiro.

Mapepala, pomwe ambiri amagwera

Konzani faelo imodzi ya pulasitiki yokhala ndi chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE kapena pepala la zotsatira lochokera ku MANEB, kalata yokuitanani ku koleji, pepala la fizi, kalata ya mfumu, kalata ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mudaphunzira ndi zithunzi zinayi zazing'ono. Ngati makolo adamwalira, onjezani chikalata cha imfa. Ngati maliro adachitikira kumudzi osalembetsa, yambani ndi kalata ya mfumu, mupite nayo ku ofesi ya NRB paboma, yolembetsa nzika, kubadwa ndi imfa. Banja lolandira Mtukula Pakhomo liphatikize umboni wake, wolumala aphatikize kalata ya kuchipatala. Pepala lililonse lichitidwe fotokope kasanu, makope adindidwe kwa majisitireti kapena kwa DC, ndipo mapepala enieni musawasiye ku ofesi iliyonse.

Tsopano yalani mapepalawo patebulo ndi kuyerekeza maina chilembo ndi chilembo. Vuto ili kuno n'lofala: pa chiphaso pali Yusufu, pa satifiketi Yusuf, apa Mariamu, apo Mariam, pena dzina la bambo, pena la agogo kapena la malume amene adakulembetsani sukulu. Chaka chobadwa nachonso chimatha kusiyana. Kwa inu ndi munthu mmodzi, koma wosankha amene ali ndi mulu wa mafomu amangoika pempho lanu pambali. Mankhwala ake ndi kalata yolumbira ya kukhoti yonena kuti maina onsewo ndi anu, ndipo itengeni chilengezo chisanatuluke. Nambala ya foni yolemba pa fomu ikhale yanu, yolembetsedwa m'dzina lanu, ndipo musaisinthe. Ngati kwanu netiweki imavuta, onjezani nambala ya wachibale wa paboma kapena ku Monkey Bay. Kumakhala kowawa kumva kuti munthu adasankhidwa koma foni yake sinkapezeka, malo n'kupatsidwa wina.

Kalata yopempha isapitirire tsamba limodzi. Nenani dzina, mudzi, mfumu yaikulu, koleji ndi ntchito imene mukuphunzira. Fotokozani amene akusamalira banja, chimene amachita ndi anthu angati amadya pakhomopo. Ngati banja limadalira nyanja, nenani poyera kuti nthawi ya mwera ndiponso nyanja ikatsekedwa kuyambira Novembala ndalama sizilowa, chifukwa wowerenga ali ku Lilongwe angaganize kuti msodzi amapeza ndalama chaka chonse. Lembani chiwerengero chimene mukupempha ndi chimene banja lilipire lokha. Musanamizire umasiye kapena kubisa kuti wina akukulipirirani kale gawo lina. Amafufuza kumudzi, ndipo bodza likadziwika limatsekera khomo ngakhale abale anu obwera m'mbuyo.

Kugwira ntchito uku mukuphunzira

Ntchito yoyenera wophunzira ndi yogwirizana ndi luso lake. Wosoka apemphe malo pakhonde la telala Loweruka, makamaka sukulu zikamatsegulira pomwe mayunifolomu amachuluka, komanso Eid ndi Khirisimasi zikayandikira. Wa zamagetsi, wa mafiriji ndi wa zamipope afunse kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, nthawi ya holide. Funsaninso pakoleji pomwepo: koleji ikalandira oda ya madesiki, mafelemu kapena mageti, aphunzitsi amatenga ophunzira odalirika. Gwirizanani mtengo musanayambe, ndipo ntchito iliyonse muilembe m'buku ndi siginecha ya mwini ntchito, idzakhala umboni pofuna malo a atachimenti.

Ganyu ya usiku, monga kupita kunyanja ndi asodzi a usipa kapena kuyendetsa kabaza mpaka pakati pa usiku, ipeweni mkati mwa sabata. Maphunziro a zaumisiri amayesedwa gawo ndi gawo pa ntchito ya manja, ndipo wojomba kapena wosinza pa makina amatsalira, mwinanso kuvulala. Loweruka ndi masana awiri pa sabata ndi malire abwino.

Mukapeza wokulipirirani, pemphani kalata yolonjeza yonena ndalama zimene adzalipire ndi nthawi yake, muipereke ku ofesi ya zachuma, kope ina musunge. Ndalama za mabungwe ndi za khonsolo zimachedwa, ndipo kalata imeneyi ndi imene mungaonetse popempha kuti akuloleni kulowa m'kalasi ndi kulemba mayeso podikira. Sungani malisiti onse a kubanki, ndipo teremu ikatha tumizani zotsatira zanu kwa okuthandizaniwo musanafunsidwe, pamodzi ndi pepala la fizi la teremu yotsatira.