Momwe mungakonzere magetsi a m'misewu kuti aziyaka okha ndi kuyang'aniridwa muli ku ofesi

Nyale ya mumsewu ikafa, woyamba kudziwa amakhala wakabaza kapena mayi amene akuchokera ku msika kutada, pomwe amisiri a khonsolo amamva patapita masiku. Ina imayaka usana wonse, n'kumawonjezera ndalama zimene khonsolo ilipire ku ESCOM. Mavuto awiriwa amachepa magetsi akamayaka ndi kuzima okha, kwinaku akutumiza uthenga ku ofesi. Mzinda wa Los Angeles ku America unayamba kuika nyale za LED mu 2009, ndipo mu 2015 unayamba kuzilumikiza ku makina oziyang'anira patali. Ifenso tingathe, bola titsate ndondomeko.

Yambani ndi kalembera. Pholo lililonse lilembedwe nambala ndi penti, malo ake atengedwe ndi GPS ya pafoni, ndipo mulembe mtundu wa nyale, mawati ake komanso bokosi limene imalandirako magetsi. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo n'zosavuta kuidumpha, koma kompyuta ikadzanena kuti nyale yakutiyakuti yazima, mmisiri adzafunika kudziwa kolowera.

Kenako chotsani nyale zakale za sodium, zija zowala mwachikasu, muike za LED, zimene zimadya pafupifupi theka la magetsi ndiponso zimalola kuti kuwala kuchepetsedwe. Pogula, umirirani kuti nyale iliyonse ikhale ndi soketi ya mtundu wotchedwa NEMA ya mapini 7 kapena ya mtundu wotchedwa Zhaga, chifukwa m'menemo ndi momwe kachipangizo kowongolera kadzalowe popanda kudula waya. Pakhalenso chotetezera ku mphenzi, poti mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo siichitira chisoni zipangizo zotere.

Chachitatu ndi kusankha poika chowongolera, ndipo apa ndi pofunika kufatsa. Mungachiike m'bokosi limene limadyetsa msewu wonse, kapena pa nyale iliyonse. Cha m'bokosi n'chotsika mtengo: chimodzi chimayatsa mzere wonse, chimayeza magetsi amene akudutsa, ndipo akatsika mwadzidzidzi mumadziwa kuti nyale zina zafa kapena waya wadulidwa, ngakhale sichingakuuzeni kuti ndi pholo liti. Cha pa nyale chimaloza pholo lenilenilo, koma mtengo wake umakwera malinga ndi kuchuluka kwa nyale. Ine ndikuona kuti khonsolo ya ndalama zochepa iyambe ndi mabokosi, n'kusungira zowongolera za pa nyale misewu ikuluikulu, madepoti ndi misika. Nyale za sola zokha n'zimene zilibe kusankha, chifukwa iliyonse ili ndi batire yakeyake imene iyenera kuyang'aniridwa payokha.

Uthenga wochoka pa chowongolera kupita ku ofesi ungayende kudzera pa simu khadi ya TNM kapena Airtel, imene imafuna kulipiridwa nthawi zonse, kapena pa wailesi ya LoRaWAN (njira yotumizira mauthenga aafupi pakati pa zipangizo popanda waya), imene imafuna kuti muimike mlongoti wanu pamalo okwera. Musanagule za wailesi, funsani ku MACRA za mafunde ololedwa. Pulogalamu ya ku ofesi ikhale yotsata muyezo wa TALQ, umene umathandiza kuti zipangizo za makampani osiyanasiyana zizimvana, kuti musadzamangike ku kampani imodzi.

Mukatero, ikani nthawi. Kwathu kuno dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko mu Juni koma itapitirira mu Januwale, choncho gwiritsani ntchito wotchi yowerengera kulowa ndi kutuluka kwa dzuwa, pamodzi ndi sensa ya kuwala yothandiza pa tsiku la mitambo yakuda. Pakati pa usiku mungachepetse kuwala m'misewu yopanda anthu, koma musachite zimenezi pa mphambano, powolokera anthu kapena pafupi ndi chipatala. Onetsetsaninso kuti netiweki ikasowa, nyale zizitsatirabe nthawi imene zinasunga.

Chotsala ndi anthu, ndipo popanda iwo zonsezi n'zachabe. Uthenga wa nyale yakufa, wa chitseko cha bokosi chimene chatsegulidwa usiku kapena wa batire yofooka ufike pa foni ya mmisiri amene ali pantchito tsikulo, ndipo palembedwe tsiku limene vutolo lakonzedwa. Mawu achinsinsi amene anabwera ndi makinawo asinthidwe tsiku loyamba lomwelo. Yeserani pa msewu umodzi kwa miyezi itatu, muwerenge mita musanayambe ndi potsiriza, kenako mutengere ziwerengerozo ku msonkhano wa makhansala popempha ndalama za msewu wachiwiri.