Kusanthula Mfundo za Mwayi wa Azungu m'Kalasi ya Zolembalemba

M'makoleji ambiri a ku America, ophunzira a chaka choyamba amapatsidwa nkhani yonena za mwayi umene azungu amakhala nawo chifukwa cha khungu lawo, n'kuuzidwa kuti aisanthule polemba chimangirizo. Ambiri amapunthwa pamalo amodzi: amathamangira kunena ngati akugwirizana ndi mlembi kapena ayi, chonsecho mphunzitsi akufuna kuona ngati angathe kumasula mfundo n'kuonetsa mmene zalukidwira.

Yambani ndi tanthauzo la mawu. Peggy McIntosh wa ku Wellesley College, amene nkhani yake ya mu 1989 imawerengedwa kawirikawiri m'makalasi otere, sankanena kuti mzungu aliyense ndi wolemera kapena kuti savutika. Ankanena za zopinga zimene mzungu sakumana nazo, kufikira pa tinthu tating'ono ngati kupeza bandeji yofanana ndi khungu lake m'sitolo. Mukapanda kulemba tanthauzoli m'ndime yoyamba, mudzataya nthawi kulimbana ndi zimene mlembiyo sananene.

Kenako lekanitsani zinthu zitatu zimene katswiri wa filosofi Stephen Toulmin anafotokoza mu 1958: chimene mlembi akunena, umboni umene wapereka, ndi ganizo lomangiriza ziwirizi, limene nthawi zambiri silitchulidwa poyera. Ntchito yaikulu yagona pa chachitatuchi. Tengani kafukufuku wa Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan, wosindikizidwa mu 2004, amene anatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 ku Boston ndi ku Chicago. Maphunziro ndi luso zinali zofanana, koma mayina anali osiyana, ndipo makalata a mayina ofala pakati pa azungu, ngati Emily ndi Greg, akayankhidwa atatu, a mayina ofala pakati pa anthu akuda, ngati Lakisha ndi Jamal, ankayankhidwa awiri okha. Umboniwu ndi wamphamvu ndithu, komabe watsamira pa ganizo lakuti wolemba ntchito akaona dzina amaganizira khungu lokha, osati umphawi kapena kulemera kwa banja limene munthuyo wachokera. Wophunzira amene wafukula ganizo lobisikalo n'kuliyesa wasanthuladi nkhaniyo, kaya pamapeto pake alivomereze kapena alikane.

Onaninso mtundu wa umboni. Mndandanda wa zitsanzo umene McIntosh analemba m'nkhani yake unachokera pa zimene iye mwini anaona pa moyo wake, motero umathandiza kutsegula maso koma sungayeze kukula kwa vuto m'dziko lonse. Umboni wa mbiri nawo uli ndi zofunika zake: mlembi akatchula mapu a m'ma 1930 amene ankazunguliza mzere wofiira pa madera a anthu akuda kuti asalandire ngongole zogulira nyumba, ayenera kuonetsa mmene zimenezo zikufikira lero, popeza lamulo loletsa tsankho pa nkhani ya nyumba linabwera mu 1968. Kawirikawiri yankho limadzera pa chuma chimene makolo amasiyira ana awo.

Otsutsa musawapeputse. Funso lakuti mzungu wosauka wa ku Appalachia, dera lamapiri la kum'mawa kwa America, ali ndi mwayi wanji n'lomveka, ndipo W. E. B. Du Bois, katswiri wakuda wa mbiri wa ku America, analimbana nalo kale mu 1935, pamene ananena kuti azungu osauka ankalipidwa ndi ulemu pagulu ngakhale malipiro awo anali ochepa. Lembani maganizo a otsutsawo mwa njira imene eni ake angavomereze kuti ndi awodi, kenako muwafunse umboni monga momwe mwafunsira mlembi woyambayo.