Nkhani ya kafukufuku ikufuna ndalama: chitani izi kaye

Mwafunsa kuti mutani mukapeza nkhani ya kafukufuku wa zaumoyo koma tsamba la magaziniyo likufuna kuti mulipire. Musathamangire kulipira.

Yambani ndi PubMed, tsamba la pa intaneti losakirapo nkhani za kafukufuku wa zaumoyo. Koperani mutu wonse wa nkhaniyo n'kuusaka pamenepo. PubMed ndi yaulere, amaiyang'anira a National Library of Medicine ku America. Mukaona chizindikiro cha PMC (PubMed Central, nkhokwe ya nkhani zowerenga ulere) pambali pa nkhaniyo, dinani, yonse itseguka.

Zikakanika, pitani ku laibulale ya sukulu yanu, monga ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mukafunse za Research4Life, ndondomeko yothandiza mayiko osauka kuwerenga magazini a kafukufuku ulere kapena motchipa. M'menemo muli Hinari, nthambi ya zaumoyo yomwe bungwe la WHO linayambitsa mu 2002, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko omwe salipira. Dzina lolowera ndi pasiwedi ndi za sukulu yonse, amapereka ndi oyang'anira laibulale. Chonde musaziponye m'magulu a WhatsApp, chifukwa zikafalikira kunja mwayiwo ungathe kutsekedwa, anzanu onse n'kuvutika nawo.

Mukalowa, sakani dzina la magaziniyo, kenako chaka, voliyumu ndi tsamba. Apa m'pamene ambiri amasochera: amatsegula magaziniyo kudzera pa Google, osati mkati mwa Research4Life, ndiye tsamba limawafunsabe ndalama.

Ngati magaziniyo mulibe, lemberani imelo mwini kafukufukuyo. Adiresi yake nthawi zambiri imakhala pansi pa mayina a olemba. Mawu awiri atatu aulemu akwana.

Ikakhala nkhani ya mu Malawi Medical Journal, musavutike ndi zonsezi, imawerengedwa ulere pa intaneti.