Kukaona mawira a ku Boroma: mmene mungasankhire pogona

Ife a ku Angónia tikatsikira ku Tete, kaya ku ukwati kaya kokapikula katundu, ena timafuna kupatukirako ku mawira, akasupe otentha a kufupi ndi Boroma, kumene kuli mishoni yakale ya Ajezwiti ija ili pa phiri loyang'ana Zambezi. Ulendo wake si wautali. Chimene chimausokoneza ndi pogona.

Choyamba, ganizani za m'mawa, bedi lidzabwera pambuyo. Boroma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera mu mzinda wa Tete, choncho kugona mu mzindamo n'kwabwino. Mukadzuka tambala woyamba, mufika dzuwa lisanakwiye. Mu Okutobala ndi Novembala Tete amatentha kupitirira madigiri 40, ndiye tangoganizani kuima pambali pa madzi ofuka nthunzi masana ngati amenewo! Ena amakopeka ndi Songo chifukwa cha kamphepo ka kumapiri ndi damu la Cahora Bassa. Songo ndi wokongoladi, koma ali makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tete. Umenewo ndi ulendo wina, wa tsiku lake.

Kenako onani mbali ya mtsinje. Ochokera ku Ulónguè, likulu la Angónia, timafikira ku Moatize ndi Matundo, pamene Boroma ili tsidya lina, mbali imodzi ndi pakati pa mzinda. Wolokeranitu mlatho wa Samora Machel madzulo, mugone kutsidyako.

Mukafika pa pensão, nyumba yogona alendo, musapereke ndalama musanaone chipinda. Nenani mwaulemu kuti, "Mayi, mungandionetseko kaye chipindacho?" Tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka. Yatsani fani mumve ngati ikupemereradi. Tambasulani neti, muyang'ane mabowo poyera, pakuti udzudzu wa m'chigwa si wofanana ndi wa kwathu kozizira kuja. Ine ndinagonapo m'chipinda chimene fani yake inkangolira kwe kwe kwe osazungulira, ndipo kunandichera ndili pakhonde ndikudzipemerera ndi katoni. Funsaninso ngati mlonda angakutsegulireni geti mbandakucha, komanso ngati angakusungireni chikwama mpaka mutabwerako.

Za mayendedwe mumalize usiku womwewo. Chapa, minibasi ija, simanyamuka isanadzaze, ndiye ngati muli awiri kapena atatu, gwirizanani ndi wa njinga yamoto kapena wa galimoto mtengo wopita ndi kubwera. M'nyengo ya mvula mufunseni za msewu, yekhayo ndiye akuudziwa mmene ulili sabata imeneyo. Tengani ma meticais m'thumba, musadalire ndalama za pafoni zokha, za M-Pesa kapena e-Mola.

Nanga kugona ku Boroma komweko? Ngati kuli wachibale, zili bwino, mumutengereko kathumba ka mbatatesi ya kwathu. Ngati kulibe, pitani m'mawa, mulonjere akuluakulu a pamudzi, mupemphe wina akulondolereni, ndipo madziwo muyambe mwawayesa ndi chala musanaviikemo phazi.